Ndinadilita fayilo ya -wal, malonda anga asowa: yankho kwa achimwene a ku Kasungu

Funso labwera kuchokera kwa achimwene ena omwe ali ndi shopu ya zaulimi ku Kasungu, cha ku Santhe uko. Mwachidule akuti: "Timagulitsa feteleza, mbewu ndi mankhwala, nthawi yokolola timagulanso soya ndi mtedza. Mphwanga anatipangira kapulogalamu kolembera zonsezi pa kompyuta, akuti kamayendera SQLite. Lachiwiri magetsi anazima kompyuta ikuyaka. Atabwera, ndisanatsegule pulogalamu, ndinaona fayilo ina ya sitolo.db-wal itakula kuposa sitolo.db yeniyeniyo, ine kuyesa zinyalala nde ndinaidilita. Potsegula, malonda onse kuyambira Lachisanu mulibe. Pa fulashi pomwe ndimakopera sitolo.db madzulo aliwonse palibenso. Zingabwerere? Nanga nditani kuti zisachitikenso?"

Pepani kwambiri achimwene, zimenezi zimawawa, makamaka ngati munali ngongole za alimi mmenemo. Tisanapite patali, ngati kompyutayo ili pafupi nanu isiyeni kaye. Musalembemo malonda atsopano, musaikemo pulogalamu ina iliyonse, lero lembani pa pepala basi. Chifukwa chake mumva kutsogoloku koma yambani mwatero kaye.

Fayilo munadilitayo si zinyalala ayi. Ndi chidutswa cha database yanu, ndipotu ndi chidutswa chomwe chimasunga zatsopano zenizeni. SQLite, yomwe ndi pulogalamu yosunga database yanuyo, ikakhala mu WAL mode, njira yomwe inabwera mu 2010 ndi version 3.7.0, mukagulitsa thumba la feteleza n'kuseva, iyo sipita kukakhudza sitolo.db nthawi yomweyo. Imatenga masamba a database omwe asintha n'kuwalemba kumapeto kwa sitolo.db-wal, kenako n'kuika chizindikiro choti transaction iyi, ndiye kuti ntchito imodzi yolemba ngati kugulitsa thumba lija, yatha bwino, ndi chomwe timati commit. Zili ngati mmene mumachitira pa tsiku la msika anthu akachuluka, mumangolemba msangamsanga mu kope la pakauntala kenako mukapeza mpata mumasamutsira mu buku lalikulu. Munthu atawotcha kope lija musanasamutse, buku lalikulu likhala laukhondo bwinobwino, lopanda cholakwika chilichonse, koma za masiku amenewo mulibe. Ndi chifukwa chake pulogalamu yanu inatseguka osadandaula, inapeza sitolo.db yabwinobwino koma yakale.

Kusamutsako timati checkpoint. Ngati mphwanu sanasinthe kalikonse, SQLite imachita checkpoint yokha fayilo ya -wal ikafika masamba 1000, ndipo tsamba limodzi nthawi zambiri ndi mabayiti 4096, nde tingoti pafupifupi 4MB. Imachitanso checkpoint pulogalamu ikatsekedwa bwino, connection yomaliza ikatsekeka, ndipo apo imafufuta yokha -wal ndi mnzake wina wa -shm, kafayilo kothandizira komwe kamakhala pambali pake. Magetsi akazima mwadzidzidzi palibe amene watseka bwino, nde mafayilo awiriwo amatsala mu foda. Kutsalako si vuto, ndi dala. Mukanangotsegula pulogalamu osakhudza kanthu, SQLite ikanawerenga -wal ija, n'kuona ma checksum a tsamba lililonse, manambala otsimikizira kuti linalembedwa lathunthu, n'kutenga zonse mpaka pa commit yomaliza yathunthu, n'kutaya kachidutswa kokha komwe kanadukira panjira. Ntchito yonse yomwe fayiloyo inapangidwira ndi ya tsiku ngati limenelo, tsiku lomwe magetsi azima.

Tsono za fulashi, apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse bwino chifukwa ngakhale mukanapanda kudilita kanthu bakapu yanu inali yopunduka kale. Mumakopera sitolo.db yokha pulogalamu ili chitsegukire. Shopu yaing'ono, makamaka miyezi yomwe malonda ali ochepa, itha kutha masiku angapo osafika masamba 1000 aja, nde masiku onsewo inu mumakopera fayilo imodzimodzi yosasintha mukuganiza kuti mwasunga za lero. Choipa kuposa apo ndi chakuti mukakopera pa nthawi yomwe checkpoint ili mkati, mumatenga fayilo yomwe theka ndi yatsopano theka ndi yakale, imeneyo itha kukana kutseguka kumene kapena, zomwe zimandiopsa kwambiri ine, kutseguka koma manambala ena osokonekera inu osadziwa.

Nanga n'chifukwa chiyani yanu inakula chonchija? Mwa zomwe mwafotokoza ndikuganiza kuti pulogalamuyo inakhala chitsegukire kuyambira Lachisanu ndipo penapake mkatimo muli china chomwe chinayamba kuwerenga osamaliza, mwina sikirini ya lipoti la katundu yomwe imangokhala yotsegula. Checkpoint singadutse pamalo pomwe wowerenga waima, chifukwa iyeyo akufunika kuona database mmene inalili nthawi yomwe anayamba. Nde zatsopano zimangowunjikana mu -wal, tsiku ndi tsiku, osalowa mu sitolo.db. Kuthekera kwina ndi kwakuti wal_autocheckpoint, yomwe imachititsa checkpoint yokha ija, inazimitsidwa. Mphwanu ayang'ane ziwirizi. Komanso dziwani kuti kukula kwa fayilo ya -wal sikukuuzani kuchuluka kwa zomwe sizinasamutsidwe, chifukwa checkpoint ikatha SQLite nthawi zambiri sichepetsa fayiloyo, imangoyambanso kulemba kuchokera koyambirira. Itha kukhala yaikulu koma zonse zinasamutsidwa kale, itha kukhala yaing'ono muli malonda a sabata yathunthu. Ndi maso simungadziwe, nde musamaweruze ndi saizi.

Tibwere ku funso lanu loyamba, zingabwerere?

Yambani ndi Recycle Bin. Ngati munangodina Delete wamba fayiloyo ili mmenemo ndithu. Koma chonde musathamangire kuibwezera pomwe inali, apa pali msampha. Munatsegula kale pulogalamu fayiloyo itachoka, nde funso lalikulu ndi lakuti kuchokera nthawi imeneyo mwalembamo chilichonse? Ngati simunalembe kanthu, sitolo.db ili mmene inalili ndipo -wal yakale ija ikugwirizana nayo. Ngati mwalembamo malonda atsopano ndipo analowa kale mu sitolo.db, masamba asintha, nde kuikapo -wal yakale ndi kuthira masamba akale pamwamba pa atsopano, database imawonongeka. SQLite payokha ilibe njira yodalirika yodziwira kuti -wal iyi si ya fayilo iyi, imakhulupirira dzina.

Nde chitani chonchi, pamodzi ndi mphwanu. Tsekani pulogalamu. Koperani foda yonse mmene ilili muike pa fulashi ina, imeneyo musaikhudzenso. Kenako tengani fayilo ya mu Recycle Bin muike mu foda yatsopano pamodzi ndi kope la sitolo.db lomwe likugwirizana nayo, mayina akhale omwewo ndendende, sitolo.db ndi sitolo.db-wal. Ngati mwalemba kale zatsopano mu ya pa kompyuta, yesani kope la pa fulashi lija la Lolemba madzulo, mwayi ulipo kuti ndi lomwe likugwirizana nayo popeza checkpoint sinkadutsa. Ya -shm musavutike nayo, imeneyo ndi kalozera chabe, SQLite imaipanganso kuchokera mu -wal. Tsegulani ndi chida cha sqlite3, kapulogalamu ka SQLite kolemberamo malamulo, mulembe izi:

PRAGMA integrity_check;

Ikayankha kuti ok, yang'anani tebulo la malonda muone ngati za Lachisanu mpaka Lachiwiri zabwera. Zikabwera musangalale koma mufanizebe ndi malisiti angapo a pamanja, chifukwa ok amatanthauza kuti kamangidwe ka fayilo kali bwino, sakutanthauza kuti manambala onse ndi olondola. Ikapereka zolakwika pali lamulo lina la .recover lomwe linabwera mu 2019, limayesa kutola chilichonse chomwe chingatoleke mu fayilo yowonongeka, koma zonsezi pa kope, osati pa yeniyeni.

Ngati mu Recycle Bin mulibe, kaya munaikhuthula kaya munadina Shift ndi Delete, mwayi wachepa koma sunatheretu. Pa hard disk yakale ija yozungulira, fayilo yodilitidwa imakhalabe pa disiki mpaka china chitalembedwa pamalopo, ndiye chifukwa chake ndinati siyani kompyutayo. Zida zobwezera mafayilo odilitidwa ngati Recuva nthawi zina zimaipeza, koma muziyendetse kuchokera pa fulashi ndipo zomwe zapezeka zikagwere pa fulashi, osati pa disiki yomweyo. Ngati ndi SSD, disiki yamakono yosazungulira, ndikuuzeni zoona, nthawi zambiri zimakhala zapita chifukwa SSD imayeretsa yokha malo a mafayilo odilitidwa posakhalitsa. Apo musawononge ndalama zambiri kwa munthu wokulonjezani zozizwitsa.

Tsopano zoti zisachitikenso. Chachikulu pa zonse ndi ichi, mafayilo atatu aja, .db, .db-wal ndi .db-shm, muziwatenga ngati chinthu chimodzi ndipo dzanja la munthu lisamalowe mu foda imeneyo. Osadilita, osasintha dzina, osasamutsa imodzi kusiya inzake. Kusintha dzina anthu amakuona ngati kopanda vuto koma mukasintha sitolo.db kukhala sitolo2025.db kusiya -wal ndi dzina lakale, mwaidilita ndithu m'maso mwa SQLite. Muwauzenso anyamata a pakauntala, ndipo ngati muli ndi mapulogalamu aja oyeretsa kompyuta onetsetsani kuti sakufika mu foda imeneyo.

Bakapu izipangidwa ndi SQLite yeniyeniyo, osati ndi copy ndi paste. Njira zilipo ziwiri zosavuta. Pali lamulo la .backup mu sqlite3, ndipo pali iyi yomwe ine ndimaikonda, inabwera ndi version 3.27.0:

VACUUM INTO 'E:\bakapu\sitolo-lachitatu.db';

Izi zimawerenga database yonse mmene ikuonekera pa nthawiyo, za mu .db ndi za mu -wal pamodzi, n'kutulutsa fayilo imodzi yathunthu yosafuna mnzake, ndipo zimatheka pulogalamu ikugwira ntchito. Mphwanu aike batani limodzi lolembedwa Bakapu, kapenanso zizichitika zokha pa nthawi yoikika, dzina la fayilo likhale ndi deti kuti ya lero isafufute ya dzulo. VACUUM INTO imakana kulemba pamwamba pa fayilo yomwe muli kale zinthu, ndipo ine ndimaona kuti ndi khalidwe labwino. Fayilo yatulukayo ndi imene mungakopere pa fulashi, kutumiza pa imelo, kuika pa Google Drive, kulikonse. Fulashi zikhale ziwiri zosinthana ndipo imodzi izigona kunyumba, chifukwa mbava kapena moto zikabwera pa shopu zimatenga kompyuta ndi fulashi yomwe yabayidwa pomwepo. Mugulenso fulashi zodalirika, zilipo zina zotchipa zomwe zimanena saizi yabodza, zimalandira fayilo bwinobwino koma pobwera kudzaiwerenga mkati muli zopanda pake.

Ngati tsiku lina mukufunadi kukopera pamanja, tsekani pulogalamu kaye, muone ndi maso kuti -wal yasowa yokha mu foda. Ikapanda kusowa nde kuti china chake chikadagwirabe database kapena sinatsekedwe bwino, koperani onse atatu limodzi.

Pali msampha wina womwe umagwira ngakhale anthu odziwa, wa tsiku lobwezeretsa bakapu. Mwatenga fayilo yabwino pa fulashi, mwaiika mu foda n'kuitcha sitolo.db, koma mu fodamo mwatsala sitolo.db-wal ya database ija yowonongeka. Potsegula SQLite itenga -wal yachilendoyo n'kuithira mu bakapu yanu yabwino, basi nayonso yawonongeka. Nde pobwezeretsa, samutsani mafayilo onse atatu akale muwaike mu foda ina, kenako ikani bakapu pamalo oyera. Ndati samutsani, sindinati dilitani.

Za magetsi. Mufunseni mphwanu kuti PRAGMA synchronous anaika pa chiyani. Ikakhala OFF, SQLite imangopereka zolemba kwa Windows osadikira kuti zafikadi pa disiki, magetsi akazima database itha kuwonongeka, imeneyo ayi ndithu. Ikakhala NORMAL mu WAL mode database siwonongeka koma ma transaction omaliza atha kusowa magetsi akazima, kasitomala wapita ndi lisiti koma mu kompyuta mulibe. Ikakhala FULL, commit iliyonse imadikira kuti disiki ivomere kuti yalemba. Anthu ambiri pa intaneti amalangiza NORMAL chifukwa imathamanga, ndipo kwa iwo omwe amalemba zinthu masauzande pa sekondi n'zomveka, koma inu mumagulitsa thumba limodzi kenako mphindi zingapo zimadutsa, kuchedwa kwa FULL simungakuone n'komwe. Pa ndalama za anthu, kuno komwe magetsi amatha kuzima nthawi iliyonse, ine ndikuti FULL basi. Ingokumbukirani kuti journal_mode=WAL imakhazikika mu fayilo mpaka kalekale pomwe synchronous siikhazikika, pulogalamu iziyiika nthawi iliyonse ikatsegula connection.

Ndipo gulani ka UPS, kabokosi ka batire kogwirizira kompyuta magetsi akazima, ngakhale kakang'ono kongokupatsani mphindi zochepa zotsekera bwino. Kapena gwiritsani ntchito laputopu ya batire lamoyo. Amene ali pa sola ndi inveta asadzinamize kuti ali bwino, batire likatsika madzulo inveta imadula osachenjeza mokwanira. Chifukwa china chomwe ndimalimbikitsira UPS ndi chakuti ma disiki ena otchipa amanama, amayankha kuti talemba pomwe zinthu zikadali mu cache yawo, nde apo ngakhale FULL singakutetezeni mokwanira. Komanso chizolowezi chozimitsira kompyuta pa soketi poweruka chithe, tsekani pulogalamu kenako Shut down.

Kwa mphwanu mwachindunji, poti ndikudziwa muwerenga naye: tsekani ma cursor mukamaliza kuwerenga, musasiye transaction yowerenga ili chitsegukire pa sikirini ya malipoti, tengani zomwe mukufuna muike mu memory n'kumasula database. Potseka tsiku yendetsani PRAGMA wal_checkpoint = TRUNCATE; yomwe imasamutsa zonse n'kubweza fayilo ya -wal pa ziro, koma muziona zomwe yabweza, nambala yoyamba ikakhala 1 nde kuti inatsekerezedwa sinamalize. Mutha kuikanso journal_size_limit kuti fayiloyo izidulidwa ikamabwerera poyambira, isamaopseze anthu ndi saizi. Musakhumudwe ndi zachitikazi, kusankha SQLite pa shopu ngati iyi kunali kolondola, ndi yomweyo ili m'mafoni athu onse a Android ndi iPhone. Zangotsala ndi zotchingira izi.

Zinthu ziwiri zomwe ndikudziwa kuti mudzaziganiza bizinesi ikakula, ndikuletseretu pano. Choyamba kuika foda ya database mkati mwa Google Drive, OneDrive kapena Dropbox kuti izidzisunga yokha. Mapulogalamu amenewa amakweza fayilo iliyonse payokha pa nthawi yake, .db ya 10 koloko ndi -wal ya 11 koloko, zosagwirizana, ndipo netiweki ikamadukaduka zimanyanya. Muziikamo zotuluka mu VACUUM INTO zokha. Chachiwiri kugawana foda pa netiweki kuti makompyuta awiri, ya pakauntala ndi ya pa sikelo, azitsegula sitolo.db imodzi. WAL mode sigwira ntchito choncho, imafuna kuti onse otsegula database akhale pa kompyuta imodzi chifukwa amagawana memory kudzera mu -shm ija. Mukafika pofuna makauntala awiri, kapena mwatsegula nthambi ku Chinkhoma kaya ku Kasungu boma, nthawi yakwana yosamukira ku database ya seva ngati PostgreSQL.

Koma kumenekonso nkhani ndi yomweyi, ingosintha malaya. PostgreSQL imasunga WAL yake mu foda ya pg_wal, mafayilo a 16MB lililonse. Kale fodayo inkatchedwa pg_xlog, ndipo anthu disiki ikadzadza ankaona mawu oti log n'kuyesa ndi zolemba wamba n'kudilita, mpaka mu version 10 ya 2017 opanga anasintha dzinalo, chimodzi mwa zifukwa chinali chimenechi. Nde simuli nokha achimwene, akatswiri a m'maofesi akuluakulu anagwamo momwemo. Kumeneko pg_wal ikamakula osaleka nthawi zambiri ndi archive_command, lamulo lokopera WAL kukasunga kwina, yomwe ikulephera kapena replication slot, yomwe imasungira seva ina WAL, yomwe inaiwalika ikudikira seva yomwe kulibenso, mankhwala ake ndi kukonza chimenecho, PostgreSQL imachotsa yokha mafayilo osafunika. Pali chida cha pg_resetwal chomwe anthu amachithamangira seva ikakana kudzuka, chimadzutsadi koma potaya WAL, nde ndi cha pamapeto penipeni mutakopera kale zonse. Bakapu yake ndi pg_dump kapena pg_basebackup, ndipo fsync, yomwe imadikira kuti zolemba zafikadi pa disiki, isazimitsidwe. MySQL, database ina ya seva, nayonso ili ndi mafayilo ake otere otchedwa ma redo log, omwe mu ma version akale amaoneka ngati ib_logfile0 ndi ib_logfile1, osawakhudza seva ikagwa.

China chomwe anthu amachinyozera, kamodzi pa mwezi tengani bakapu imodzi muitsegule pa kompyuta ina, yendetsani integrity_check, yang'anani malonda omaliza ngati ndi a tsiku lomwe mukuyembekezera. Mukanachita zimenezi ndi fulashi ija mukanaona kalekale kuti za dzulo sizikufikamo.

Ngati -wal ija yalephereka kupezeka, za Lachisanu mpaka Lachiwiri muzimangenso pamanja zikadali m'mutu. Tengani mabuku a malisiti, mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba omwe ali mu foni ya shopu poti amakhala ndi nthawi ndi ndalama yake, werengani matumba omwe atsala mu sitolo mufanize ndi zomwe kompyuta ikunena za Lachinayi madzulo, kusiyanako ndi zomwe zinatuluka. Zovuta ndi za ngongole ndi za alimi omwe anabweretsa soya osalipidwa, amenewo musadikire kuti abwere okha, aimbireni sabata ino mugwirizane manambala aliyense akadakumbukira, kenako mulembe mu pulogalamu ndi madeti ake enieni komanso kachizindikiro koti izi zinalowetsedwa pambuyo. Mukapeza fayiloyo mu Recycle Bin koma integrity_check ikupereka zolakwika, ndilembereni zomwe yanena mzere ndi mzere, komanso mundiuze ngati munalembamo malonda atsopano Lachiwiri lija, tione kope lomwe tingayambire.